Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Akuluakulu amene anapeka mwambi woti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko ankaudziwa bwino usiku wa m'nyumba ya chipinda chimodzi. Anthu agona mothithikana pamphasa, moto wazirala, kunja kukuwomba chiperoni, mwinanso fisi akulira chakudambo. Palibe amene angadzuke kukachotsa mpiringidzo chifukwa chongofuna. Amadzuka ndi uja m'mimba mwamupota. Enawo amangotembenuka, n'kukoka chofunda, n'kupitiriza mkonono. Sikuti ndi ankhanza ayi. Tulo ta munthu amene sakumva kupweteka timakhala tokoma, basi.

Mwambiwu umandifikira kawirikawiri ndikaganiza za phunziro la umphawi, limene ana athu amakumana nalo m'maphunziro a zachikhalidwe ndi chitukuko, kuyambira kupulayimale mpaka pokonzekera mayeso a MSCE. Aphunzitsi amalowa ndi choko, n'kulemba mutu pabolodi, kenako tanthauzo la umphawi, mitundu yake, zoyambitsa, zotsatira ndi njira zouthetsera. Zonse m'Chingerezi, zonse pamzere. Ana amakopera mwaliwiro poopa kuti bolodi lifufutidwa asanamalize, ndipo akabwereza mawuwo bwinobwino papepala la mayeso amakhoza. Koma tayang'anani amene akukoperawo. M'kalasi ya ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, mwana amene akulemba kuti chizindikiro cha umphawi ndi kusowa chakudya chokwanira angakhale kuti dzulo lake anagonera tiyi wopanda mkaka. Kope limene akulembamo ndi lomwe lija la masamu, wangolitembenuza n'kuyambira kumbuyo. Tili kalikiliki kufotokozera mmene m'mimba mumapwetekera kwa munthu amene m'mimba mukumupweteka.

Pa nkhani iyi anawa ndi akatswiri kuposa buku. Tumani mtsikana wa Sitandade 6 kumsika wa Ndirande ndi ndalama zosakwana, muone masamu amene akachite. Akudziwa kuti ufa sagula wa thumba, amagula wa kajumbo kaja timati wokumani, kokwanira nsima ya kamodzi. Mafuta ophikira amagula a m'kapulasitiki komanga pakamwa, makala a kamulu, bonya wa kambale kakang'ono. Pa tomato amasankha wophwanyika pang'ono, chifukwa mayi wogulitsayo amamutsitsira mtengo, tsiku labwino n'kumuikirapo basera. Asanawononge ndalama yomaliza amakumbukira kuti kunyumba ndowa zili gwa, pakufunika ya madzi a pakiyosiki. Ndipo akudziwa chinthu chimene ophunzira zachuma anachita kulembera mabuku kuti achitulukire, choti wosauka amagula modula. Mukaphatikiza timajumbo ta ufa ta mwezi wathunthu, mtengo wake umaposa wa thumba limene wapantchito amagula kamodzi akalandira.

Tsono dziko lapansi lili ndi muyeso wake. Mu 1990 banki yaikulu ya dziko lonse, World Bank, inaika malire oti munthu wokhala ndi zosakwana dola imodzi patsiku ndi wosaukitsitsa. Malirewo akhala akusunthidwa: $1.25 mu 2008, $1.90 mu 2015, $2.15 mu 2022, ndipo kuyambira mu Juni 2025 ali pa $3. Mphunzitsi akalemba chiwerengerochi pabolodi, sipalephera mnyamata wochangamuka wa kumbuyo wofunsa kuti, "Aphunzitsi, madolawo ndi a mtengo wa kubanki kapena wa kuseri?" Kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Funsolo si lachibwana, ndipo yankho loona n'lakuti si wa kubanki, si wa kuseri. Dola ya pamuyesowu ndi yoyerekezera zimene ndalama ingagule m'dziko lililonse, chifukwa nthochi ya ku Limbe ndi ya ku London sizigulidwa mofanana. Mwana akamvetsa chimenechi ndiye kuti wayamba kuona kuti ziwerengero zimapangidwa ndi anthu, sizigwa kuchokera kumwamba.

Za kwathu kuno nazonso zimafuna kufunsidwa mafunso. Kafukufuku wa National Statistical Office ya ku Zomba wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti theka la Amalawi lili pansi pa malire a umphawi a dziko lino, amene nthawiyo anali pafupifupi K454 pa munthu patsiku, ndipo m'matauni wosauka anali mmodzi mwa anthu asanu alionse. Ndiye kuti papepala ana ambiri a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri si osauka. Kawauzeni zimenezo mayi amene alandilodi awagogodera m'mamawa pa 1. Kumudzi munthu akasowa ndalama amathyola chisoso, amatola nkhuni, amatunga pachitsime. M'tauni madzi ndi ndalama, moto ndi ndalama, pogona ndi ndalama, ngakhale chimbudzi cha kumsika ndi ndalama. Sindikunena kuti kafukufukuyo ananama. Umphawi wa kumudzi ndi wozama zedi, ndipo ndi womwewo umene umathamangitsira anthu kuno. Koma mwana wa m'tauni ali ndi ufulu wofunsa kuti amene anayesayo anayesa chiyani, anasiya chiyani.

Pamene ndimakanganirana kwambiri ndi manotsi a m'makope ndi pa zoyambitsa umphawi. Pamndandandawo sipalephera ulesi, umbuli ndi kubereka ana ambiri. Mwana amaloweza, n'kubwerera kunyumba atanyamula chigamulo chotsutsa makolo ake. Ulesi? Dzukani 4 koloko m'mawa mukaime pamsewu wochokera ku Chileka kapena ku Lunzu, muone njinga za makala zikukwera chitunda, matumba atatu atatu, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Onani azimayi ophwanya miyala m'mphepete mwa phiri, mwana kumsana, kanyundo m'manja, kuyambira dzuwa lisanatuluke. Onani ofukula mchenga mumtsinje, akabaza, ochapa zovala za eni, ndi amuna ounjikana pageti la fakitale ku Makata kudikira kuti kapitawo aloze chala ochepa, otsalawo abwerere chimanjamanja. Khama likanakhala lolemeretsa palokha, olemera a mu Blantyre bwenzi akukhala ku Ntopwa, osati ku Nyambadwe. Alesi alipo, ndani sakuwadziwa? Koma alipo kumbali zonse ziwiri za mpanda, ndipo sangakwane kufotokoza umphawi wa anthu mamiliyoni.

Umphawi uli ndi mbiri, ndipo mbiri yake siyambira patali. M'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston linapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire, ndipo anthu amene anali panthakayo anasanduka alendo pakwawo. Kunabwera msonkho wa nyumba, kunabwera thangata, munthu kulimira mwini esiteti kuti aloledwe kugona pomwe makolo ake anagona. N'zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira mu Januwale 1915. Kunadza njala ya 1949 imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre lomwe lino. Amuna ankapita ku Wenela kukakumba golide wa eni ku Joni, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi ambiri, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Ndirande yemweyu anakula ngati malo ogona anthu amene tauni inkafuna manja awo masana koma osawakonzera pokhala usiku. Mwana amaphunzira za Chilembwe Lachiwiri m'phunziro la mbiri, za umphawi Lachinayi m'phunziro lina, ndipo palibe womuuza kuti ndi nkhani imodzi.

Nkhaniyo siinathenso. Fodya amene kwa zaka zambiri wakhala akubweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja amagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe pa mtengo umene mlimi sakhala ndi mawu. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amatuluka m'matumba, phindu lalikulu n'kukapezeka komwe amamuika m'timabokosi tokongola. Pomwe feteleza, petulo ndi mankhwala timagula kunja, ndi madola. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022, mitengo ya feteleza, tirigu ndi mafuta ophikira inakwera padziko lonse. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mtsikana wathu wa kumsika uja sanamvepo za doko la Odesa la ku Ukraine, koma anaona ndi maso ake mafuta akuchepa m'kapulasitiki mtengo ukukwera. Amene akufuna kuphunzitsa za umphawi wa padziko lonse safunika kuyambira ku India kapena ku Haiti. Ayambire pabenchi la mayi wogulitsa mafutawo, atsatire chingwecho kufikira komwe chamangidwa.

Chingwe china chinatifika ndi madzi. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, anawoloka nyanja yonse ya India, n'kukhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'kaundula. Mu Malichi matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse omwalira ndi osowa anapitirira 1,000. Sukulu zinatsekedwa, makalasi ena n'kusanduka misasa, mabanja kugona pansi pa bolodi lomwe lija. Chaka chomwecho, mu Januwale, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinali zitachedwa kale kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Ana anaziona zonsezi. Chimene sanauzidwe mokwanira n'chakuti amene amamanga pamtsetse wa phiri ndi uja sangakwanitse puloti ya pamalo abwino, ndiponso kuti utsi umene ukutenthetsa nyanja n'kupangitsa anamondwe kusenza mvula yochuluka, gawo la Malawi pa utsiwo ndi lochepetsetsa. Makolo ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Masiku ano zatembenuka, akudya nkhuyu ndi akuluakulu, opotedwa ndi ana.

Ndipo akuluakulu odya nkhuyuwo si akunja okha. Phunziro limene lingaloze chala atsamunda ndi mayiko olemera, n'kudumpha mabiliyoni amene anabedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ndi phunziro la bodza ngati lija la ulesi. Ndalama imene inatuluka m'boma popanda ntchito yogwiridwa ndi desiki limene mwana alibe, ndi mankhwala amene agogo ake sanawapeze kuchipatala. Mphunzitsi safunika kuvala makaka a chipani kuti anene zimenezi. Zinakambidwa m'makhoti, anthu anamangidwa.

Kutsidya kwa nyanja kuli ana ena amene akuphunzira za ife. Ku Scotland sukulu zambiri zili pa ubale ndi sukulu za kuno, makamaka kuchokera pamene mayiko awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005. Ana a kumeneko amaonetsedwa zithunzi za anzawo a kuno, amasonkha ndalama, ndipo kale ankalongedzanso zikwama za makope ndi mapensulo kudzera ku bungwe la Mary's Meals. Bungweli linabadwa mu 2002, chaka cha njala, ndipo ana 200 oyamba amene linawaphikira anali a konkuno ku Malawi. Lero ana oposa miliyoni imodzi m'Malawi amamwa phala lake kusukulu. Amene anafikapo pasukulu ya pulayimale m'bandakucha akudziwa mmene zimakhalira: utsi uli tolo kukhitchini, azimayi atamanga zitenje zolimba akuvundula mphika waukulu ndi mthiko wofuna manja awiri, ndipo belu likalira mzere wa ana umatalika, aliyense ndi kapu yake ya pulasitiki, ena ataimangirira ndi chingwe pachikwama kuti isasowe. Wina amamwa theka, theka n'kubisira mng'ono wake wotsala kunyumba. Sindingalinyoze phala limeneli. Olinyoza ndi amene anadya kwawo.

Nkhawa yanga ili pa zimene mbali ziwirizi zimatolapo. Mwana wa ku Glasgow amaphunzira kuti iye ndi wopatsa, wa ku Chilomoni amaphunzira kuti iye ndi wolandira, ndipo onse awiri aphunzira theka. Wa ku Glasgow sanamve mokwanira za azimayi aja, amene amadzuka usiku kukaphika popanda malipiro, eni ake a m'deralo, amene popanda iwo ufawo ukanangokhala m'matumba. Wa ku Chilomoni sanauzidwe za Blantyre winayo wa ku Scotland, amene mzinda wathu unatengako dzina pamene amishoni anafika mu 1876. David Livingstone anabadwira kumeneko mu 1813, m'nyumba ya chipinda chimodzi, banja lonse momwemo. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita kusukulu ya usiku. Ndiye kuti Blantyre wa azungu nayenso anali ndi ana ogwira ganyu ndi mabanja ogona mothithikana. Zinasintha pang'onopang'ono, ndi malamulo oletsa kugwiritsa ntchito ana aang'ono m'mafakitale monga la 1833, ndi lamulo la 1872 lokakamiza mwana aliyense wa ku Scotland kupita kusukulu, ndi antchito amene anagwirizana n'kumenyera malipiro. Chuma cha Britain chinakuliranso pa thonje lolimidwa ndi akapolo ndi pa mayiko amene ankawalamulira, ndipo zimenezonso zinenedwe. Koma mwana wa ku Ndirande akamva kuti mzungu wa m'buku la mbiri uja anakula movutika chomwecho, amasiya kuganiza kuti umphawi ndi khungu.

Mwambi uliwonse uli ndi mbali yake yoopsa, ndipo uwu wokhuta amaukonda. Ukamudandaulira amangoti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti zako zimenezo, uone chochita. Amaiwala kuti munthu angadzuke ndithu, n'kufufuza mumdima, n'kupeza kuti chitsekocho achikhoma ndi loko chakunja. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Osauka anadzuka, sanachite kukokedwa. Koma anapeza makalasi osakwana, ena pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi pa ana oposa 100, ndipo pomaliza Sitandade 8 malo a kusekondale anali a ochepa. Kumuuza mwana wotereyu kuti angolimbikira, osamuuza za lokoyo ndi amene akusunga kiyi, ndi kumunamiza.

Komabe mwambiwo sunaname. Mu 2015 atsogoleri a mayiko analonjeza ku United Nations kuti pofika 2030 umphawi wadzaoneni udzakhala utatha, koma chakacho chayandikira umphawiwo uli chikhalire. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linadula mwadzidzidzi ntchito zambiri za USAID, anthu ogwira ntchito zaumoyo ndi zamaphunziro n'kungouzidwa kuti zaima. Wogona uja anatembenuka n'kukoka chofunda chake. Sitingamukwiyire mpaka kalekale, m'mimba simwake.

N'chifukwa chake ana ayenera kumvanso za amene anatuluka. Mu 1990 anthu osaukitsitsa padziko lapansi anali pafupifupi 2 biliyoni. Pa muyeso wa $2.15, m'zaka zaposachedwapa anatsika kufika cha m'ma 700 miliyoni, ngakhale kuti anthu padziko anachuluka kwambiri. Dziko la China lokha, kuchokera pamene linasintha kayendetsedwe ka chuma mu 1978, linatulutsa mu umphawi wotere anthu pafupifupi 800 miliyoni. Vietnam, imene inali yosakazidwa ndi nkhondo ndiponso yosowa chakudya, inasintha ndondomeko zake mu 1986, alimi n'kupatsidwa mphamvu pa minda yawo, ndipo lero ili m'gulu la mayiko otsogola pogulitsa kunja mpunga ndi khofi. Ambiri mwa osaukitsitsa otsalawo tsopano ali kuno ku Africa ya kumwera kwa Sahara, ndipo ndi chinthu chowawa kuchinena pamaso pa ana. Koma n'chosiyana ndi kuwasiya ndi maganizo aja akuti mvula ikakuona litsiro sikata, kapena akuti ndi mmene Mulungu anatilembera. Zimene zinachitika mkati mwa moyo wa makolo awo kwina, sizingakhale zolembedwa kumwamba kuti kuno n'zosatheka. Ngakhale pafupi pomwepa pali zoti aziunike: banki m'khonde imene amayi awo amasonkhako sabata ndi sabata, katapila amene amamiza mabanja, Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Chimathandiza n'chiti, chimangopepesa n'chiti, anawo angathe kutsutsana pa zimenezi mpaka belu kulira.

Pali chinthu chimodzi chofunika kusamala nacho, ndicho manyazi. Mphunzitsi wina pofuna kuti phunziro likhale lamoyo amati, "Amene simunadye m'mawa uno kwezani manja." Palibe mwana wa Fomu 2 amene angakweze dzanja pamaso pa mtsikana amene amamufuna. Ndipo wokwezayo dzina lachipongwe limamumamatira mpaka Fomu 4. Umphawi wa mwana si chida chophunzitsira. Nzeru zake ndiye chida. Mutumeni akalembe mitengo ya ufa, makala, sopo ndi mafuta kumsika wa kwawo kumayambiriro kwa teremu, akalembenso kumapeto, kalasi ifufuze chimene chasuntha mitengoyo. Mutumeni akafunse agogo kuti banja lawo linachokera kuti ndipo chinalichotsa n'chiyani. Mayankho adzabwera okha: kuchepa kwa malo ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, nkhondo ya ku Mozambique ya m'ma 1980, njala ya 2002, imfa ya bambo amene ankagwira ntchito kufakitale. Mukawaika pamapu mayankho amenewo, mwapeza phunziro la umphawi wa padziko lonse lolembedwa ndi kalasi yomweyo, popanda wina kuchititsidwa manyazi.

Aphunzitsi, ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali, ana ndi ambiri, ndipo nanunso mwezi ukafika pakati mumagula wokumani yemweyo. Sindikukupemphani zambiri. Teremu ino mukafika pa mutu umenewu, chotsani ulesi pamwamba pa mndandanda, ndipo musanalembe kanthu pabolodi afunseni anawo zimene akudziwa. Inunso olemba mabuku ku Domasi ndi okonza mayeso ku Zomba, mupatseni malikisi mwana amene angafotokoze chifukwa chimene mafuta ophikira anakwerera mtengo ku Bangwe mu 2022, ngakhale atalephera kutchula mitundu ya umphawi pamzere wake.